Chingwe Chopanda Mbedza

Germiston, Joni
17 Malichi 2002

Okondedwa amake Saida,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu Saida, pamodzi ndi Amayi. Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kupatula kachifuwa kamene kamandigwira m'mawa, koma si kodandaula nako.

Za njala zimene munalemba ndazimva. Ndapatsira a Masiye, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno, marandi mazana atatu, shuga, sopo ndi nsapato za Saida. Chimanga mukagule ku Chitala kwa achimwene anu, osati pa boma pamene mavenda akuyeza ndi timbale tokhomedwa kunsi. Katunduyo mumasule a Masiye ali pomwepo. Sindikuti ndi akuba, ayi, koma shuga wa ulendo watha munati anafika paketi ili yosokedwa ndi ulusi, ndipo ine sindinasokepo paketi chibadwire.

Tsopano imvani nkhani yabwino. Zopalira maluwa a azungu ndasiya. Ndalowa ntchito pa kampani ina yaing'ono ya mankhwala, ndipo ndikuvala jasi loyera lofika m'mawondo, magolovesi ndi magalasi, moti mutandiona mukhoza kundipatsa moni chogwada. Anandilowetsa ndi a Lenard, bambo wa ku Chipata amene ndinadziwana naye m'sitima. Timamvana chiyankhulo, ndiye ananditenga ngati m'bale wawo.

Pakampanipa timapanga timadzi ndi timaufa toyera, n'kuika m'timabotolo tating'ono ngati chala cha Saida, kenaka timakwera ndege kupita ku Amereka. Ufa wa m'kabotolo kamodzi sungadzaze ndi chikhadabo chomwe, koma a Lenard akuti mtengo wake mukhoza kugula injini ya boti. Amayezera pa sikelo yotsekeredwa m'galasi, chifukwa ngakhale mpweya wa m'mphuno umasuntha manambala. Nditafunsa kuti n'za chiyani zimenezi, anati n'za khansa.

Mwamva? Ine Twaibu, amene ankandiseka pa Senga Bay kuti ndinathawa nyanja poopa mwera, lero mankhwala a khansa, matenda amene akanika azungu, ndimawagwira ndi manja angawa.

Kalatayi muwawerengere Amayi pakhonde, mokweza, osadumpha liwu ndi limodzi lomwe. Amayi a pathandala oyanika usipa akabwera kudzamvera, musawathamangitse. Amve ndithu, makamaka aja ankati ndidzabwera ndi chikwama chodzaza mphepo.

Ukonde wa malemu Ababa musagulitse, ngakhale njala ithine chotani. Za pasipoti yanga musamandifunse m'kalata. Ndimayenda cham'mbali, basi.

Ndine mwamuna wanu,
Twaibu

Germiston
12 Meyi 2002

Amake Saida,

Salaam. Ine ndili moyo. Kaya inu ndi mwana?

Kalata yanu ndinawerengera pageti pantchito. Amayi ali ndi chotupa m'bere chiyambire mvula yoyamba, ine n'kumva lero? Mukuti anakubisirani inunso mpaka tsiku limene munawapeza akusamba. Chabwino, ndamva. Nanga mwezi wonse wa Epulo munali kuti osandilembera? A Masiye anabwera kawiri kuno ali chimanjamanja.

Mukuti a chipatala cha pa boma awalembera kalata yoti apite ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, akachione madokotala, mwina akachichotse chisanayale mizu. Ndipo mukuti Amayi akukana, ati sangakadulitse bere pamene mwana wawo ali ndi mankhwala m'manja. Anawauza ndani kuti ine ndingatumize mankhwala? Ine sindinalembe choncho.

Komabe sindinangokhala. Pa nthawi ya chakudya ndinawakokera a Lenard kuseri n'kuwauza zonse. Anamasula chingwe cha nsapato yawo n'kuchiyala pa benchi. Akuti m'thupi muli tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa mapuloteni, timene timagwira ntchito zonse za m'thupimo. Tina timapenga n'kuyamba kukolezera matenda. Thupi lilinso ndi otaya zinyalala akeake, koma tinthu topengato satizindikira, amangotidutsa. Ndiye anthu ophunzira a ku Amereka aganiza zomanga kachingwe kokhala ndi mbedza uku ndi uku. Mbedza ina ikole kanthu kopengako, ina ikole wotaya zinyalala, awiriwo akumane maso ndi maso, choipacho chikatayidwe kudzala.

Ife kuno timapanga chingwe chokhacho. Mbedza amakamangirira okha kumeneko. Manambala amene ali pa timabotolo tathu, 2, 4, 6, 8, ndi kutalika kwa chingwecho. Chikafupika awiri aja amagundana osagwirana, chikatalikitsa amangozungulirana, ndipo palibe amene akudziwa choyenera ndi chiti. Akungoyesa chimodzichimodzi m'timbale tagalasi. Akuti munthu sanapatsidwepo, ndipo mwina padutsa zaka makumi awiri.

Ndinafunsa kuti nanga munthu atangomwa chingwecho chokha. Anandiyang'ana n'kuti, "Ndiwe msodzi iwe. Unaphapo nsomba ndi chingwe chopanda mbedza?"

Choncho muwauze Amayi kuti mankhwalawo sanapse. Muwafotokozere za chingwe ndi mbedza monga ndalemberamu, amvetsa, anakwatiwa ndi msodzi zaka makumi atatu. Ndatumiza marandi mazana anayi a ulendo wa ku Lilongwe, inu ndi iwo. Saida mumusiye kwa amayi anu. Musadikire kukolola kaya chiyani, Lolemba likubwerali mukhale muli m'basi.

Kuno kwayamba kuzizira, ndipo apolisi akhala akuzungulira kumene tikugona. Awiri a ku Mangochi anawatenga. Zina ndidzanena pamaso.

Twaibu

Germiston
23 Juni 2002

Amake Saida,

Moni ndikupereka chifukwa ndi mwambo. Thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

A Masiye andibweretsera makalata awiri. Ina ndi yanu, ya mizere isanu, yonena kuti Amayi akanabe. Inayo ndi ya Amayi eni ake, ndipo dzanja lolemba si lanu. Awalembera ndi a Samueli, aja amaperekera zakudya ku loji. Chiyambire ukwati wathu, makalata a Amayi mumalemba ndinu, mumawerenga ndinu. Chachitika n'chiyani kuti mayi wokalamba, wodwala, ayende mumchenga mpaka ku loji kukafuna mlendo womulembera?

Ndikuuzani zimene alemba, kuti musadzati ndinakubisirani. Akuti: "Mwana wanga, mankhwala amene ukutumiza sakundifika. Mkazi wako akamawerenga kalata yako amaima, n'kuyang'ana kumbali, kenaka n'kupitiriza. Zimene amadumpha pamenepo sindizidziwa."

Mankhwala sindinatumize, zimenezo ndikudziwa. Koma za kuimaimazo ndiye ndikufuna yankho. Mumaima chifukwa chiyani? Mumadumpha chiyani? Za chingwe ndi mbedza munawafotokozera bwinobwino, kapena munangoti mwana wanu wakana? Pajatu kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndimadziwa kuti inu ndi Amayi simumwerana madzi kuyambira pamene munakanganirana thandala loyanikira usipa, koma pa matenda munthu amaika mkwiyo pansi.

Chinanso. A Masiye akuti anakuonani pa boma kawiri mwezi uno, ndipo ulendo wachiwiri munali ndi chitenje chatsopano m'jumbo. Ine sindinawafunse, anangoyamba okha. Ndalama ya ku Lilongwe ija, poti ulendo sunachitike, ili kuti? Sindikukuimbani mlandu, ndikungofunsa, monga mwamuna amene manja ake asweka ming'alu kuno kuti inu mudye.

A Masiye omwewo nawonso ndawaika diso. Pondipatsa makalata anandinong'oneza kuti ndiwapezereko kabotolo kamodzi, ati kuli bambo wina wa ku Chitala amene mkazi wake akudwala, ndipo wakonzeka kupereka ng'ombe. Akuti pa Senga Bay aliyense akudziwa kuti Twaibu ali ndi mankhwala a khansa, kungoti ndi womana. Ndinatsala pang'ono kuwagwira pakhosi. Nkhani imeneyi yafika bwanji ku Chitala? Ku Chitala kuli abale a yani, anga kapena anu?

Ndikufuna mundiyankhe funso lililonse palokhapalokha. Musandilembere mizere isanu ngati mukulembera a msonkho.

Ndatumiza bulangete la Amayi ndi juzi ya Saida. Bulangetelo ndi lofiirira, lili ndi mzere wakuda m'mphepete. Ndanena maonekedwe dala.

Twaibu

Germiston
4 Ogasiti 2002

Amake Saida,

Salaam. Ndikhulupirira Saida wachira chimfine chija. Ine ndilipo.

Loweruka lija ndinadikira pa foni ya m'manja ya a Lenard kuyambira m'mawa, monga tinapanganirana. Ndinkafuna mawu a Amayi, osati anu. Mukuti anakana kukwera matola kupita ku telefoni ya pa boma chifukwa mabampu amawapweteka. Mwina ndi zoona. Koma mphindi ziwiri zonse zija munangonena kuti akuwonda, chilonda chatseguka, basi. Mafunso anga aja simunayankhe ndi limodzi lomwe, ndipo foni itaduka simunaimbenso.

Ndikuuzani chimene chinandichitikira Lachitatu, kuti mudziwe pamene mwandifikitsa. Masana anthu atapita kukadya, ndinatsala ndekha m'chipinda cha mafiliji. Ndinatsegula, n'kuona timabotolo ta nambala 6 titandandalikidwa m'bokosi, tokonzeka kukwera ndege. Ndinatenga kamodzi. Kanali kozizira, kopepuka ngati kopanda kanthu. Ndinati mumtima, azungu angadziwe chiyani, mwina akungobisa kuti akadzagulitse modula, nanga chinthu chosachiza chingagule injini ya boti? Ndinakaika m'sokosi.

Potembenuka ndinapeza a Lenard ataima pakhomo. Sanakuwe. Anangotambasula dzanja, ine n'kuwerama ngati mwana, n'kukatulutsa. Anandiuza kuti akanakhala mzungu bwenzi pano ndili m'galimoto ya apolisi, ndipo popanda mapepala bwenzi nditatayidwa pa malire. Anatinso Amayi atamwa zimenezo, zikayenda bwino sipachitika kanthu, zikavuta ziwawotcha m'mimba, koma chotupa chidzangokula chimodzimodzi. Akuti mlongo wawo anamwalira ndi matenda omwewa ku Chipata iwo akugwira ntchito pompano, ndiye ndisaganize kuti filijiyo ndayamba kuiyang'ana ndine.

Ndinachita manyazi, koma mkwiyo sunathe. Ngati mankhwala kulibe, njira ndi imodzi yokha, ya ku Lilongwe, ndipo wina kumeneko akuitseka.

Tsono ndachita chonchi, ndipo ndikukuuzani poyera. Ndalembera Amayi makalata awiri ofanana liwu ndi liwu. Ina ili m'envelopu ino, muwawerengere inu. Inayo ndatumiza kwa a Samueli ku loji, yomata bwinobwino, akawawerengere iwo tsiku lina inu kulibe. Amayi akamva zosiyana, tidziwa pamene pakudontha denga. Mukhoza kukwiya, zilibe kanthu. Amayi ndi amodzi, sindidzapezanso ena.

Ndalama ulendo uno ndapatsira a Samueli. Akupatsani ya ndiwo.

Twaibu

Germiston
15 Sepitembala 2002

Zulfa,

Salaam aleikum. Ndayamba kalatayi katatu n'kung'amba.

Envelopu yanu ndalandira. Ndinaigwedeza kufuna kalata yanu, munalibe, ngakhale moni. Munali kalata yanga yomwe ya mwezi wa Malichi, yofewa ngati nsalu chifukwa chopindidwapindidwa, ikununkha mafuta a karafuu amene Amayi amasunga m'chitini chawo. Ndinaona mzere umene mwadula kunsi ndi pensulo ya Saida. "Mankhwala a khansa, matenda amene akanika azungu, ndimawagwira ndi manja angawa." Ndi mzere wina uja munsi mwake, woti muwerenge mokweza, osadumpha liwu, anthu a pathandala amve.

Ndinakhala pansi pa sitepe mpaka a Lenard anabwera kudzandifunsa ngati kwagwa maliro.

A Samueli nawo alemba. Akuti anawerenga kalata yanga monga ndinalembera, ndipo Amayi anati ndi zomwezo zimene anawerenga mpongozi wawo, ndiye kuti awiri inu mwagwirizana. Akuti anatulutsa kalata ya Malichi m'chitini n'kunena kuti iyi yokha ndiye ya mwana wawo, chifukwa inawerengedwa pagulu, anthu khumi akumva. A Samueli andipempha kuti ndisawatumenso, ati iwo ndi munthu wa ntchito, sangamalowe m'nyumba za eni kukayesa akazi a eni. Akunena zoona.

Miyezi inayi ndakhala ndikusaka mfiti, ndaloza inu, ndaloza a Masiye, ndaloza abale anu a ku Chitala. Amene anawauza Amayi kuti ndili ndi mankhwala ndine. Amene anaitana anthu a pathandala ndine.

Tsono imvani chimene sindinalembepo. Ine pakampani pano ndimatsuka mabotolo. Jasi loyera ndimavala kuti mankhwala otsukira asandiwotche, ndipo ndi omwewo andiswa manja ndi kundipatsa chifuwa. Sikelo ija sindiloledwa kuikhudza, ndimangopukuta pansi pake. Timabotolo ta ku Amereka ndimatigwira kamodzi kokha, potinyamula kuchoka mu filiji kupita pa galimoto.

Kalata ina iliyonse Amayi adzati mwaisintha. Ndiye ndagula kaseti, ndabwereka wailesi ya mnzanga wa chipinda, ndayankhulamo ndekha. Ili m'kabokosi ka sopo, pamodzi ndi mabatire anayi. Mubwereke wailesi ya kaseti kwa a shehe. Muiike pakhonde pomwe paja, masana, ndipo muitane amayi onse aja a pathandala, makamaka aja ankandiseka. Koyambirira ndapereka moni ndi kutchula zinthu zimene timadziwa awiri ndi Amayi, za tsiku limene ndinamira ndi bwato la Ababa iwo n'kundimenya ndi chipande kenaka n'kulira, kuti asadzati ndi mawu a munthu wina. Kenaka ndanena kuti: "Amayi, ndinanama. Ndine wotsuka mabotolo. Mankhwala kulibe, kuno ngakhale ku Amereka. Zulfa sanadumphe kanthu. Pitani ku Lilongwe."

Kalata ya Malichi ndabweza. Muibwezere m'chitini asanadziwe kuti inachoka.

Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Ndikupempha kuti muike kasetiyo tsiku lomwe a Masiye afike.

Twaibu

Germiston
27 Okutobala 2002

Okondedwa Zulfa,

Salaam aleikum. Zikomo chifukwa cha kalata yaitali. Ndaiwerenga mpaka ndaloweza.

Mukuti kaseti itatha palibe anaseka, ndipo amayi a pathandala anabalalika mmodzimmodzi osatsanzika. Mukuti Amayi anati muibwezerenso, n'kumvera kachiwiri maso ali pansi, kenaka anangoti, "Ndi mawu ake. Tiyeni." Akanati anditukwane bwenzi zili bwinoko.

Zimene ananena adokotala ku Lilongwe ndamva. Chotupa chafika m'khwapa ndi kumsana, mpeni sungathandizenso, ndipo anafunsa chifukwa chimene simunabwerere mwezi wa Meyi pamene kalata ya chipatala inalembedwa. Mukuti munangoti kunalibe ndalama ya basi. Ndalama inalipo, Zulfa, munaisunga yonse m'mpango miyezi isanu, ndipo ndi yomweyo mwakwerera. Munanama kuti mubise manyazi anga pamaso pa munthu wosandidziwa n'komwe.

Za chitenje chija musakanandiuza. Mukuti munachigula ndi ndalama yanu ya usipa, n'kuching'amba timizere tomangira chilonda, chifukwa Amayi ankakana nsanza zakale kuti zimawayabwa. Maulendo a pa boma anali ogula thonje ndi mankhwala otsukira bala. Ndipo poima paja mukamawerenga, munkaima chifukwa Amayi ankakuyang'anani ngati wakuba. Munkatsuka bala la munthu amene ankakutchulani wakuba, kwinaku mwana wake akukutumizirani mafunso ndi maonekedwe a bulangete. Ndilibe pobisa nkhope.

Mapiritsi opha ululu amene anakupatsani muziwapatsa pa nthawi yake, musadikire kuti alire. Akafuna chambo muwagulire, musaone mtengo. Ukonde wa Ababa uja, ngati pafunika, gulitsani.

Ndapempha tchuthi, akuti kampani itseka pa 13 Disembala, ndisanafike pamenepo ndikachoka ndiye kuti ndachokeratu. A Lenard akuti ndipirire masabata asanu ndi awiri okha. Muwauze Amayi kuti Idi ndiiphonya ndi sabata imodzi, koma ndikubwera, Inshallah. Muwauze andidikire.

Mwamuna wanu,
Twaibu

Germiston
24 Novembala 2002

Zulfa,

Inna lillahi wa inna ilayhi rajiun.

A Lenard anandiitana ndili pa sinki, manja ali m'madzi, n'kundipatsa foni. Mawu anu ndinawamva bwino ulendo uno. Pamene munkaimba n'kuti jeneza yonyamula thupi la Amayi itanyamuka kale, ndipo pamene ndinkavula magolovesi n'kuti amuna akubwerera kuchokera kumanda. Ndimadziwa kuti kwathu maliro sagona, sindikudandaula ndi munthu. Ndinawauza kuti andidikire, ine amene ndinawadikiritsa kale miyezi isanu.

Mukuti masiku omalizawa ankafuna kaseti tsiku lililonse, mpaka mabatire anatha kawiri, koma ikangofika pamene ndimati "Amayi, ndinanama," ankakweza dzanja kuti muzimitse. Ankangofuna moni ndi nkhani ya bwato. Ndipo mukuti Lolemba anakupemphani kuti mutulutse kalata ya Malichi muwawerengere, inu osati a Samueli, ndipo munawerenga yonse osadumpha liwu. Zikomo. Ine sindikanatha.

Kalatayo musaiwotche. Ndidzaifuna.

Sabata ino ku Amereka aitanitsanso nambala 6, mabokosi atatu. A Lenard akuti mwina ndiye kuti m'timbale mwawo china chake chayamba kukola. Ndinanyamula mabokosiwo kukaika pa galimoto, n'kubwerera ku sinki.

Ndifika ndi a Masiye pa 16 Disembala, nthawi ya sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi, isanakwane. Mpunga ndi mbuzi tidzagula limodzi. Ndakugulirani chitenje, sindikuuzani maonekedwe ake. Saida mumuuze kuti ababa ake akubwera ndi pensulo zatsopano.

Anthu akubwera kudzapepesa, ndipo ena adzafunsa kuti mwana wa malemu amagwira ntchito yanji ku Joni. Muziwauza kuti amatsuka mabotolo.

Ndine mwamuna wanu, ngati mukundifunabe,
Twaibu